French toast ya ku lesitilanti ndi yapakhomo: kusiyana kuli pa buledi ndi moto basi

Ambiri a ife tinayamba kudya buledi wa mazira tisanadziwe n'komwe kuti ali ndi dzina lina. Mayi amaswa mazira awiri m'mbale, kamchere pang'ono, kuviika masilayisi otsala dzulo n'kukazinga pa mbaula, ife n'kumwera tiyi basi. Ndiye tsiku lina mwalowa mu lesitilanti ya mutauni, pa menyu alemba French toast, mwaitanitsa, akubweretserani chinthu chonenepa bwino, kunja kofiirira, m'kati mofewa ngati kasitadi, mukafika kunyumba kuti muyese chanu chikutuluka chopyapyala, chonyowa pakati, m'mbali chopserera komanso kafungo ka dzira kakumveka. Ena amati aja ali ndi zachinsinsi zomwe amathiramo. Palibe zachinsinsi, anzanga. Ndi buledi ndi moto, ndipo zonsezi mutha kuzikonza pakhomo.

Tiyambe ndi buledi chifukwa ndi pomwe ambiri timalakwitsa. Malesitilanti ambiri amagwiritsa ntchito brioche, buledi wa ku France yemwe amakandira mazira ndi batala, kapena challah, buledi woluka wa Ayuda, ndipo amadula mochindikala, masentimita 2 mpaka 3. Ife timatenga wodula kale wa mupepala uja, wopyapyala komanso wa lero lomwe, ndiye akangogwera m'mazira amasanduka phala musanafike naye pa pani. Pitani ku bekale mukagule lofu yosadula mudule nokha, kuchindikala kwake kukhale ngati zala ziwiri. Ngati brioche simukumupeza musadandaule, mabanzi otsekemera aja mukawadula pakati amabwera pafupi kwambiri, ine ndimawakonda kuposa lofu wamba.

Komanso buledi akhale wogona. Anthu a ku France chakudyachi amachitcha pain perdu, kutanthauza buledi wotayika, uja wauma woti akanatayidwa, ndipo si nzeru ya dzulo iyi, ngakhale m'buku lakale la maphikidwe la Aroma lotchedwa Apicius muli buledi woviika mumkaka, wokazinga n'kuthira uchi. Ku Portugal amati rabanadas ndipo amadya kwambiri pa Khirisimasi. Chifukwa chake n'chosavuta, buledi wouma amamwa mkaka wambiri koma osaphwasuka. Ndiye dulani usiku, yalani pa thireyi, vindikirani ndi sefa kapena kansalu kopyapyala kuti mpweya uzilowa koma nyerere ndi mphemvu zisafike. Mukaiwala, muikeni mu uvuni pa moto wochepa mphindi 10, kapena mumuwambe pang'ono pa pani youma, aume chabe osati afiire.

Zoviikamo zake, pa masilayisi 4 ochindikala ine ndimaswa mazira 2 athunthu, lachitatu ndimangotengako chachikasu chokha, mkaka 180ml kapena tingoti kapu yosadzaza, shuga supuni yaikulu imodzi, kamchere kotsina ndi zala, sinamoni theka la tiyisupuni ndi vanila ngati alipo. Choyera cha dzira chikachuluka ndi chomwe chimabweretsa fungo lija komanso timizere toyera tolimba m'mbali mwa buledi, n'chifukwa chake akulesitilanti amawonjezera zachikasu ndi kirimu. Ife kirimu si wa tsiku lililonse, ndiye gwiritsani ntchito mkaka wa fulu kirimu, ukakhala waufa musungunule wokhuthala kuposa wa tiyi. Koma chonde ufa woyeretsera tiyi uja si mkaka, musauike apa. Sinamoni yambani mwamusakaniza ndi shuga musanathire, apo ayi amangoyandama pamwamba n'kuthera yense pa silayisi yoyamba. Menyani ndi foloko mpaka zonse zikhale mtundu umodzi, mukafuna zenizeni sefani kamodzi.

Thirani m'mbale yophwatalala, ikani buledi, mbali imodzi mphindi imodzi kapena ziwiri, tembenuzani chimodzimodzi. Mukamudina ndi chala azimveka wolemera ngati siponji yonyowa koma azinyamulika osaduka. Ngati mwakakamira wopyapyala wa lero uja ndiye kungomiza n'kuvuula, masekondi ochepa basi.

Tsopano moto, apa ndiye ndikufuna mundimvetsere bwino. Ku lesitilanti ali ndi chitsulo chachikulu chophwatalala chomwe chimatentha mofanana paliponse, ndipo ambiri akafiiritsa kunja amamalizitsa mu uvuni kuti m'kati mupse. Ife m'mawa timakhala pa changu, ana akuchedwa ku sukulu, ndiye timakoleza moto wa nsima, kunja kumapsa mphindi imodzi m'kati muli dzira laliwisi. Buledi wochindikala amafuna moto wapakatikati wopendekera kochepa, mphindi 3 kapena 4 mbali iliyonse. Pa kuka kapena hotipuleti ikani pakati. Pa mbaula dikirani makala ayere phulusa pamwamba, malawi atheretu, ndipo ngati achuluka phulaniko ena, ine ndimakonda kuphika French toast pamoto womwe watsala nditaphula tiyi ndi madzi osamba, umakhala wofatsa bwino. Pani ikhale yolemera pansi, zopepuka zija zimapsereza pakati pokha.

Mafuta ake, batala yekha amanunkhira bwino koma sachedwa kupserera n'kuda, ndiye sakanizani kabatala kapena majarini ndi supuni imodzi ya mafuta ophikira. Asachuluke ngati mukukazinga mandasi ayi, angonyowetsa pani. Akayamba kuchita thovu ikani masilayisi awiri okha osapanikiza, ndipo musamangotembenuzatembenuza kapena kudinikiza ndi chipande, mukatero mukufinya mkaka wonse womwe mwavutikira kulowetsa uja. Mbali yoyamba ikafiira, wazani kashuga pang'ono pamwamba pa mbali yaiwisiyo kenako tembenuzani, shugayo amasungunuka n'kupanga kachikhungu kouma kofiirira kaja komwe timadabwa nako ku lesitilanti. Muyang'anire pamenepa chifukwa shuga akapitirira amawawa.

Opanda uvuni, mukatembenuza vindikirani pani mphindi ziwiri kuti nthunzi ipsetse m'kati, kenako vundukulani mphindi yomaliza kuti kunja kuumenso. Ali ndi uvuni ikani pa 180°C mphindi 5 mpaka 8. Mudziwa kuti wapsa akatupa pang'ono pakati ndipo mukadina akubwerera osatulutsa madzi. Musanaike ena pukutani pani ndi kapepala, zotsalira zakuda zija ndi zomwe zimadetsa gulu lachiwiri.

Pamwamba akulesitilanti amathira maple syrup, uja wotsekemera ngati uchi wochokera mu mtengo wa maple, yemwe wambiri amachokera ku Canada ndipo kuno mtengo wake ndi wosayamba, pomwe uchi wathu ukukwanira bwinobwino. Dulani nthochi yakupsa muikazinge mu pani yomweyo ndi kabatala mphindi imodzi, kapena mango nthawi yake ikafika, kapena chiponde chosungunula ndi kamkaka kotentha. Ndipo pali chimodzi chomwe yapakhomo imapambana, mumadya itangochoka pamoto, pomwe ya ku lesitilanti nthawi zina imafika patebulo itayamba kufota. Choncho tiyi akhale wothira kale m'makapu, ana akhale pansi, ndipo mukaphula musaunjike masilayisi pamwamba pa anzake chifukwa nthunzi imafewetsa kachikhungu kaja, aliyense alandire wake m'mbale yake pompo.