Momwe mungayendetsere mapepala a imfa ndi chuma cha masiye mu Blantyre

Maliro a m'tauni muno sachedwa kutha. Lero thupi lili m'nyumba ya chisoni ku Gulupu, mawa lole yanyamuka ulendo wa ku Thyolo kapena ku Ntcheu, mkucha anthu abalalika aliyense kuntchito kwake. Zotsalira anamfedwa ndi mapepala, ndipo mapepalawo ndiwo amagamula ngati ana apitirize sukulu, ngatinso mayi wamasiye akhalebe m'nyumba ya ku Chilobwe ija kapena atulukemo ndi chikwama cha zovala chokha.

Mwayi wa ife a mu Blantyre ndi wakuti maofesi okhudza nkhaniyi ali pompano: ofesi ya bwanamkubwa, khothi lalikulu ku Chichiri, a Administrator General, a Legal Aid Bureau. Chimavuta ndi ndondomeko yake. Ofesi iliyonse imafuna pepala lochokera ku ofesi inzake, ndiye mukayambira pakati mungothera ndalama m'maminibasi.

1. Pepala loyamba litengeni thupi lisananyamuke

Munthu akamwalirira m'chipatala, kaya ku Queens, ku Mlambe ku Lunzu, kapena pachipatala chaching'ono ngati cha ku Ndirande ndi ku Zingwangwa, achipatala ndiwo amalemba chimene chamupha ndi kudzaza fomu yodziwitsa boma za imfayo. Tumani wachibale mmodzi wodekha, osati mwini maliro amene misozi ili mbwembwembwe, atenge chiphaso cha unzika cha malemuyo pamodzi ndi chake, akaonetsetse kuti fomuyo yadzazidwa. Ayang'anitsitse maina. Ambirife timadziwika ndi dzina la kumudzi kapena la ubatizo pamene pachiphaso pali lina, ndipo dzina lolembedwa ndi "tch" pachiphaso likalembedwa ndi "ch" pafomu, a kubanki adzakubwezani patapita miyezi, inu mutaiwala kale kuti analemba ndani.

Akamwalirira pakhomo, umboni umachokera kwa mfumu. M'midzi ya kwa Kapeni, kwa Machinjiri, kwa Kuntaja, kwa Somba kapena kwa Lundu mupite kwa nyakwawa. M'malokeshoni mupite kwa mfumu ya dera lanu. Kalatayo ikhale ndi dzina lonse, tsiku ndi malo omwalirira, ndi chidindo. Ngati imfayo ndi ya ngozi, yadzidzidzi kapena yokayikitsa, yambirani kupolisi musanakonze za bokosi. Lipoti la apolisi lomwelo ndi limene a inshuwalansi adzafune ngati anagundidwa ndi galimoto.

2. Satifiketi ya imfa ya ku NRB

Kalata ya kuchipatala kapena ya mfumu si satifiketi ya imfa. Satifiketi imatuluka ku National Registration Bureau, bungwe lomwe lija linatijambula ziphaso za unzika mu 2017, ndipo nthambi yake m'boma lililonse ili pansi pa ofesi ya bwanamkubwa. Lamulo la kalembera la 2010 limati imfa iliyonse izilembetsedwa. Pitani ndi fomu kapena kalata ija, chiphaso cha malemu ndi chanu. Ikatuluka, jambulitsani mafotokope ambirimbiri ndi kuwadinditsa kwa majisitireti kapena kwa loya wolumbiritsa. Satifiketi yeniyeniyo muzionetsa chabe, musaisiye pa ofesi iliyonse, musaibwereketsenso kwa wachibale amene akuti akakuyenderani. Amene wagwira pepala limeneli wagwira chitseko cha kubanki ndi cha kupenshoni.

Madobadoba sasowa pakhomo la ofesi ya boma. Musawapatse kanthu. Ndalama iliyonse imene mukulipira ituluke ndi lisiti ya boma.

3. Lembani katundu msonkhano wa banja usanachitike

Apa ndi pamene mabanja ambiri amagwera, ndipo sipalowa ofesi iliyonse. Tengani kope, muitane anthu awiri, wina wa kuchimuna wina wa kuchikazi, makamaka ankhoswe ngati alipo, kenako mulembe zonse zimene malemu wasiya: nyumba ndi mapepala a puloti, galimoto kapena njinga yamoto ndi blue book yake, mabuku a kubanki, nambala za Airtel Money ndi Mpamba, masheya a kubanki mkhonde, katundu wa mu okala kapena pabenchi la mumsika wa Limbe, ziweto za kumudzi. Lembaninso ngongole, zimene iye anali nazo kwa anthu ndi zimene anthu anali nazo kwa iye. Onse asayine, mujambule tsamba lililonse pafoni.

Ena adzati mwathamangira chuma dothi la kumanda lisanaume. Alekeni anene. Katundu amasowa masiku omwewo a pasiwa, nyumba ili yodzaza anthu, ndipo chimene sichinalembedwe n'chovuta kuchilondola pambuyo pake. Foni ya malemu ndi makadi a kubanki zisungidwe ndi mkazi kapena mwamuna wake. Koma nayenso asapite ku ATM kukatapa ndalama chifukwa choti amadziwa nambala yachinsinsi: ndalamazo tsopano ndi chuma cha masiye, ndipo ana a kwina akadzafunsa, zidzamuvuta kuyankha pakhothi. Dziwitsani banki za imfayo kuti aitseke akauntiyo kufikira chilolezo chitatuluka.

4. Dziwani chimene lamulo likunena musanakhale pansi ndi amalume

Funso loyamba ndi lakuti kodi malemu anasiya wilo. Funsani kwa loya wake ngati anali naye, kubanki, kwa abusa, ndi m'sutikesi ya mapepala. Wilo yovomerezeka imakhala yolembedwa, yosayinidwa ndi mwini wake pamaso pa mboni zosachepera ziwiri, nazonso zitasayina. Mawu a pakamwa akuti "anandiuza kuchipatala kuti galimoto ndi yanga" si wilo. Ndipo ngakhale wilo ilipo, ikamana mkazi kapena ana mpaka kuwasiya pa umphawi, khothi lili ndi mphamvu yowapatsa gawo.

Ambiri timamwalira opanda wilo, ndiye pamagwira lamulo la chuma cha masiye la 2011, lomwe maloya amalitchula mwachidule kuti Deceased Estates Act. Mfundo zake zikuluzikulu n'zosavuta. Oyamba kutetezedwa ndi mkazi kapena mwamuna wa malemu ndi ana ake, pamodzi ndi amene ankadalira malemuyo: makolo ake amene ankawasamala, ndi mwana wamng'ono amene ankamulipirira sukulu. Katundu wa m'nyumba, monga mipando, mabedi, zofunda, mbale, mapoto ndi makasu, sagawidwa n'komwe. Amatsala ndi wamasiyeyo. Zotsalazo zimagawidwa kwa wamasiye ndi ana, ndipo mwana wamng'ono amayenera kulandira zochulukirapo kuposa wamkulu, popeza ulendo wake ukadali wautali. Mwana wobadwira kunja kwa banja ndi mwana basi, ufulu wake pa chumacho ndi wofanana ndi wa anzake, ngakhale izi zimawawa mayi wa pakhomo. Achimwene, achemwali ndi adzukulu a kubanja la malemu amabwera pokhapokha ngati palibe mkazi, ana kapena omudalira aja.

Amalume akamaumirira kuti mbumba ili ndi gawo, sikuti akungopeka. Lamulo lakale la 1967 linkaperekadi gawo kwa achibale olowa chuma mwa mwambo, ndipo akuluakulu ambiri anakulira m'lamulo limenelo. Linathetsedwa. Auzeni mwaulemu, koma auzeni. Mwambo wa kumeta ndi kusudzula uchitike monga mwa makolo, palibe akuuletsa, koma msonkhano wa banja ulibe mphamvu yogamula zosemphana ndi lamulo, ndipo wamasiye asasayine pepala lililonse tsiku limenelo.

Nanga amene anangolowana, opanda chinkhoswe, tchalitchi kapena kwa DC? Mu Ndirande, Bangwe ndi Mbayani mabanja otere ndi ochuluka. Lamulo la maukwati la 2015 limalola khothi kuvomereza ukwati wa anthu amene akhalira limodzi zaka zosachepera 5 ndipo anthu amawadziwa ngati banja. Koma ndi khothi limene limavomereza, choncho konzekerani umboni: makalata obadwira a ana, kalata ya mfumu, eni nyumba amene munkachita lendi, anansi.

5. Chilolezo choyendetsera chumacho

Banki, a Lands ndi a Road Traffic sasintha dzina pa chilichonse popanda chilolezo. Ngati pali wilo, amene anatchulidwamo kuti ayendetse chuma amapita kukhothi kukaitsimikiziritsa. Ngati palibe, banja limasankha munthu kapena anthu awiri okapempha chikalata chimene pakhothi amachitcha letters of administration. Ine ndimalangiza kuti wamasiye akhale mmodzi mwa iwo nthawi zonse, ngakhale atakhala kuti sukulu sanapite nayo patali.

Kumene mupite kumadalira kukula kwa chumacho. Chuma chochepa chimathera kwa bwanamkubwa ndi kukhothi la majisitireti. Chikakhala chambiri, makamaka pakakhala nyumba ya mapepala, nkhani imapita kukhothi lalikulu ku Chichiri, kunthambi yoona za mabanja ndi chuma cha masiye, ndipo kumeneko pamafunikanso kuwerengetsera msonkho wa chumacho. Yambirani kwa bwanamkubwa ndi kope lanu lija kuti akuuzeni mbali imene muli. Tengani satifiketi ya imfa, umboni wa ukwati, ziphaso za onse oyenera kulandira, ndi makalata obadwira a ana. Ngati ana alibe makalatawo, alembetseni ku NRB ulendo womwe uja wa satifiketi ya imfa.

Banja likalephera kugwirizana, kapena pakasowa munthu wodalirika, chumacho chitha kuyendetsedwa ndi ofesi ya Administrator General, yomwe ili pansi pa unduna wa zachilungamo. Magawo a ana aang'ono amasungidwa m'maakaunti awo, ndipo wowalera amapempha pang'onopang'ono, monga pa fizi, ataonetsa kalata ya kusukulu. Njirayi imafuna kuleza mtima, koma ndalama ya mwana siithera m'manja mwa munthu mmodzi. Amene wasankhidwa kuyendetsa chuma adziwe kuti si mwini wake: ayambe wabweza ngongole, agawe zotsala, asunge malisiti.

6. Kuntchito ndi kupenshoni

Izi musadikire nazo chilolezo cha khothi. Lemberani abwana ake sabata yomweyo. Funsani zinthu zitatu padera: malipiro ndi masiku a tchuthi amene anatsala, penshoni, ndi inshuwalansi ya moyo. Chachitatuchi ambiri sachidziwa. Lamulo la penshoni limakakamiza olemba ntchito kuika 10 peresenti ya malipiro kuthumba la penshoni, wantchito 5 peresenti, komanso kumugulira wantchitoyo inshuwalansi ya moyo yosachepera malipiro ake a chaka chimodzi. Ndalama za penshoni zimatsata fomu imene malemu anadzaza yotchula odzalandira, sizilowa mumphika umodzi ndi chuma china chija, ndiye pemphani kuti muione fomuyo. Kampani ya penshoni kapena ya inshuwalansi ikamakuzengerezani, kadandauleni ku Reserve Bank, amene amayang'anira makampani amenewa, ndipo ali ndi nthambi mu Blantyre.

Ngati anafera pantchito kapena chifukwa cha ntchito, pitaninso ku ofesi ya Labour, pali chipukuta misozi chake chapadera. Kwa aphunzitsi, anamwino, apolisi ndi ena a m'boma, mapepala amayambira ku dipatimenti yawo n'kupita ku Lilongwe. Lembani nambala ya fayilo, ndipo muziifunsa ndi nambalayo.

7. Nyumba, galimoto, madzi ndi magetsi

Chilolezo chikatuluka, sinthani maina. Onani kaye kuti puloti ili m'manja mwa yani, chifukwa mu Blantyre eni malo ndi angapo: mapuloti ambiri a m'malokeshoni ali pansi pa khonsolo ya mzinda ku Civic Centre, ena ndi a Malawi Housing Corporation, ena a unduna wa zamalo, ndipo a m'mphepete mwa tauni anagulidwa kudzera kwa mafumu. Lisiti yakale ya msonkho wa malo idzakuuzani kolowera. Galimoto ndi ku Road Traffic ku Ginnery Corner. Maakaunti a ESCOM ndi Blantyre Water Board ndi osavuta, koma musawasiye m'dzina la womwalira zaka ndi zaka.

8. Akayamba kulanda

Kulanda chuma cha masiye ndi mlandu, ndipo chilango chake chimafika zaka 10 m'ndende, kuwonjezera pa kubweza katunduyo. Wina akabwera ndi lole kapena kusintha maloko, musalimbane naye. Pitani kupolisi ya pafupi, kaya ku Limbe, Soche, Ndirande, Bangwe, Chilomoni kapena Chileka, mufunse ofesi ya Victim Support Unit, mutanyamula kope lija ndi satifiketi ya imfa. Akakuuzani kuti ndi nkhani ya m'banja mukakambirane kunyumba, pemphani kuonana ndi mkulu wa polisiyo.

Ngati mulibe ndalama ya loya, a Legal Aid Bureau, amene anayamba ntchito mu 2015, amaimirira anthu osowa. Amayamba aona kapezedwe kanu, ndipo atha kukapempha khothi kuti liletse kugulitsa nyumba mlandu usanathe. Bungwe loona za ufulu wa anthu la CHREAA, lomwe likulu lake lili mu Blantyre, lili ndi alangizi a zamalamulo othandiza kulondolera anthu. Ofesi ya boma ikangokhalira fayilo yanu popanda chifukwa, dandaulo lake ndi la kwa Ombudsman, ndipo sililipiritsidwa. Wofuna chiphuphu mukamunenere ku ACB, bungwe lolimbana ndi ziphuphu.

Ana akatsala opanda wowasamala, kapena akuzunzidwa kumene akuleredwa, imbani 116, nambala yaulere ya ana, kapena pitani ku ofesi ya Social Welfare ya boma la Blantyre. Ofesi yomweyo ndiyo imalembera ana ovutika amene akufuna thandizo pa maphunziro a kusekondale. Tengani kalata ya ahedi, ya mfumu, ndi fotokope ya satifiketi ya imfa. Mtukula Pakhomo sachita kufunsira pawindo, maina amachokera kumakomiti a m'dera pa nthawi ya kalembera, choncho dziwitsani mfumu ndi komiti ya chitukuko ya kwanuko kuti pakhomo panu zinthu zasintha.