Momwe mungakonzere mabatani achidule pa makamera a CCTV

Munthu akalumpha mpanda usiku, mlonda alibe nthawi yosakasaka ndi mausi kuti kamera ya kumbuyo ili pati. Ngati muli ndi sitolo ku Down Shops kapena ku Kapata m'tauni ya Chipata, kaya depoti ya soya ndi mtedza m'mbali mwa Great East Road, konzeranitu makamera kuti ntchito iliyonse izichitika ndi batani limodzi. Pano tikamba za makamera a Hikvision ndi pulogalamu yake ya pa kompyuta, iVMS-4200. Makamera a kampani ina ya Dahua ali ndi pulogalamu ya SmartPSS, ndipo kachitidwe kake sikasiyana kwenikweni.

Yambani ndi kamera yozungulira, ija amati PTZ. Mu Main View, gawo la iVMS-4200 loonerapo makamera, itembenuzireni pa geti, kokerani chithunzi pafupi mpaka nkhope ya munthu wolowa izioneka bwino, ndipo sungani malowo ngati preset 1 (preset ndi malo osungidwa omwe kamera imabwererapo mukaitana nambala yake). Chitani chimodzimodzi pa khomo la sitolo, pa kauntala ya ndalama ndi pomwe magalimoto amatsitsira katundu. Preset iliyonse ipatseni dzina lomwe mlonda adzamva msanga: "Geti", "Ndalama", "Kumbuyo".

Apa samalani. Manambala ena Hikvision anawasungira ntchito zapadera. Mukaitana preset 95, kamera siyang'ana kwina kulikonse, imatsegula menyu yake ya mkati, ndipo munthu wosadziwa akhoza kusokoneza zonse ali mmenemo. Gwiritsani ntchito 1 mpaka 32 basi, ndi okwanira.

Kenaka lowani mu System Configuration, pa gawo la Keyboard and Joystick. Pamenepo mumasankha batani la kiyibodi pa ntchito monga kujambula chithunzi, kukokera pafupi ndi kubweza kutali. Dinani pa ntchitoyo, ikani batani lomwe mwasankha, sungani. Ine ndimati batani lojambula chithunzi likhale loyamba, chifukwa chithunzi chimenecho ndi chomwe mudzapite nacho ku polisi. Musasankhe mabatani oyandikana, dzanja lonjenjemera limaphonya. Atatu kapena anayi akwana. Mukachulutsa palibe adzawakumbukire.

Chomwe ambiri amaiwala ndi Park Action, yomwe ili m'makonzedwe a PTZ a kamerayo. Ikani kuti pakapita masekondi 60 osaigwira ibwerere yokha pa preset 1. Popanda izi mlonda akhoza kuitembenuzira ku msewu madzulo, n'kuisiya choncho usiku wonse geti ili yosayang'aniridwa.

Makamera osazungulira asonkhanitseni pa sikirini mmene mukufunira ndi kusunga ngati custom view, ina ya masana, ina ya usiku. Pa foni, mu pulogalamu ya Hikvision yotchedwa Hik-Connect, aikeni mu Favorites.

Mlonda mupangireni akaunti yakeyake yoonera ndi kuitana ma preset, koma yosatha kusintha kapena kufuta kanthu. Pasiwedi ya admin ikhale ndi inu nokha.

Mukatha lembani mabataniwo pa pepala ndi zilembo zazikulu, mumate pambali pa sikirini, ndipo yesani limodzi ndi mlondayo kutada, popeza malo ooneka bwino masana amatha kuchita mdima usiku. Magetsi akazima n'kubweranso, yesaninso batani lililonse ndi kuona ngati tsiku ndi nthawi pa chithunzi zili zolondola.