Nkhupakupa ndi matenda ake pa ng'ombe za m'Chigwa cha Shire

Palibe khola la ng'ombe ku Chikwawa kapena ku Nsanje lomwe nkhupakupa sizinafikeko, ndipo zili chomwecho m'maiko onse otentha. Akatswiri a ziweto amayerekeza kuti ng'ombe 8 mwa 10 zilizonse pa dziko lapansi zili pa chiopsezo cha nkhupakupa ndi matenda ake. Chigodola chokha, matenda a nkhupakupa omwe alangizi amati East Coast fever, chimapha ng'ombe pafupifupi 1 miliyoni chaka chilichonse kummawa, pakati ndi kumwera kwa Africa.

Chomwe alimi ambiri sadziwa n'chakuti ng'ombe yonenepa, yodya bwino, ingathe kukhala ndi tizilombo ta matendawa m'magazi. Ng'ombe zathu zachikuda zimalumidwa zikadali mathole, pa msinkhu umene thupi limapirira matenda a mkodzo wofiira ndi a ndulu. Zimadwala pang'ono kapena osadwala n'komwe, n'kukhala ndi chitetezo. Koma tizilomboto timatsalira m'thupi, ndipo nkhupakupa ikayamwa magazi amenewo imakapatsira ina. N'chifukwa chake khola limatha zaka popanda imfa, kenako mwezi umodzi n'kugona ng'ombe zingapo motsatizana.

Imfa zotere zimakhala ndi poyambira. Kawirikawiri mlimi amakhala atagula nkhunzi ya Brahman kapena ng'ombe ya mkaka yomwe inakulira kosamba dibi sabata iliyonse, yosadziwana ndi nkhupakupa za kuno. Nthawi zina ndi madzi osefukira. Monga zinachitikira ndi namondwe wa Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023, ng'ombe za midzi yosiyanasiyana zimathawira kumtunda kumodzi, n'kumadya mothinana zili zofooka ndi njala. M'chilimwe namonso, msipu ukauma, ziweto zimakakumana m'mphepete mwa dambo la Elephant Marsh ndi la Ndindi. Alimi oyandikana ndi Lengwe ndi Majete ali ndi vuto lina: njati zimasunga kachilombo ka mtundu wa chigodola koma izo osadwala, ndipo ng'ombe yodya pomwe padutsa njati ikakatenga kudzera mwa nkhupakupa imafa msanga kwambiri.

Dziwani nkhupakupa zomwe zili pa ng'ombe zanu

Musangoti nkhupakupa ndi nkhupakupa. Gwirani ng'ombe, muyang'ane malo amene zaluma.

Ija yaikulu ya mawangamawanga pamsana, ya miyendo ya mizeremizere, imakonda kumimba, m'khwapa, pa bere, pa machende ndi pansi pa mchira. Mlomo wake ndi wautali, choncho imasiya chilonda chomwe chimachita mafinya kapena mphutsi, ndipo ng'ombe zambiri zaikazi zataya nsonga za bere chifukwa cha iyo. Yaikazi imodzi imatha kuikira mazira ofika 20,000. Ndiyo imabweretsa matenda odzaza madzi pamtima, omwe alangizi amati heartwater. Ng'ombe imatentha thupi, imadzidzimuka ndi kanthu kakang'ono, imayenda mokweza miyendo kapena mozungulira, imatafuna popanda chakudya m'kamwa. Pomaliza imagwa cham'mbali n'kumapalasa miyendo, mutu utapindikira kumbuyo. Ikafika pamenepo mankhwala sathandiza kwenikweni. Mukaisenda mumapeza madzi achikasu m'kathumba ka mtima ndi m'chifuwa. Mbuzi ndi nkhosa zimafanso nawo matendawa, kotero popopera ng'ombe musaziiwale.

Ija yotuwira ngati yabuluu ikakhuta, yofewa, imapezeka pakhosi, pa lende ndi m'mbali mwa thupi. Imakhala pa ng'ombe imodzi pafupifupi masabata atatu isanagwe. Imafalitsa matenda a mkodzo wofiira ndi a ndulu. Onse awiri amatha magazi: mukatsegula chikope kapena mlomo mumaona moyera kapena mwachikasu. Powasiyanitsa yang'anani mkodzo ndi ndowe. Mkodzo wofiira kapena wakuda ngati tiyi wopanda mkaka ndi matenda a mkodzo wofiira, omwe alangizi amati babesiosis. Mkodzo ukakhala wosafiira koma ndowe zouma gwa, ng'ombe itasiya kubzikula, ganizirani za matenda a ndulu. Awa amayendanso pa singano, choncho kubaya khola lonse ndi singano imodzi yosaphitsa ndi kugawa matenda ndi manja anu.

Yofiirira ya m'makutu ndiyo ya chigodola. Imakonda madera ozizirirapo ndi achinyezi, n'chifukwa chake chigodola chimavuta kwambiri m'chigawo chapakati ndi chakumpoto kuposa m'chigwa muno. Komabe ng'ombe zimayenda, ndipo nkhupakupa imakwera nazo lole. Chizindikiro choyamba ndi mwanabere wotupa pansi pa khutu ndi kutsogolo kwa phewa. Kenako kumabwera kutsokomola, kupuma movutika, ndi thovu lotuluka m'mphuno.

Kuyeza kutentha ndi kuchiza

Mlimi wa ng'ombe asasowe themomita. Mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi thole limodzi. Ilowetseni kotulukira ndowe, ikhudze khoma la mkati, mudikire mphindi imodzi kapena ziwiri. Ng'ombe yabwino imakhala pakati pa madigiri 38 ndi 39. Ikapitirira 39.5 yadwala. Yezani m'mamawa dzuwa lisanakwere, chifukwa masana a Okutobala ku Ngabu kapena ku Bangula ng'ombe yabwinobwino imatenthanso thupi. Ng'ombe yotsalira m'mbuyo pochokera kubusa, yogwetsa makutu, yosafuna msipu, iyezeni tsiku lomwelo n'kuitana mlangizi wa ziweto. Matendawa amachizika pa masiku awiri kapena atatu oyamba. Kudikira kuti tione mawa ndiko kumapha ng'ombe zambiri.

Matenda aliwonse ali ndi mankhwala ake. Heartwater ndi matenda a ndulu amamva oxytetracycline. Wa mphamvu ya 20%, wokhalitsa m'thupi, amabayidwa mililita imodzi pa makilogalamu 10 aliwonse, mkati mwa mnofu. Ng'ombe ya makilogalamu 250 ifunika mamililita 25, ogawa malo awiri kapena atatu kuti pasatupe. Mkodzo wofiira umafuna diminazene, yemwe ambiri amamudziwa kuti Berenil, ndipo oxytetracycline sangalowe m'malo mwake. Chigodola chimafuna buparvaquone, mililita imodzi pa makilogalamu 20, kubwereza pakatha masiku awiri kapena atatu. Katemera wa chigodola aliponso, amapangidwa ku Lilongwe, ndipo amabaya ndi anthu ophunzitsidwa okha. Cholakwika chofala ndi kuyerekeza kulemera ndi maso n'kubaya mamililita 5 kapena 10 pa ng'ombe yaikulu. Imaoneka ngati yatsitsimuka, kenako matenda n'kubwerera mwamphamvu. Pemphani mlangizi ayeze ndi tepi pachifuwa. Ng'ombe yotha magazi musaithamangitse kapena kuiyendetsa mtunda, imatha kugwa n'kufa. Iikeni pamthunzi, madzi ndi msipu wauwisi zikhale pafupi. Werenganinso pa botolo masiku oyenera kudikira musanamwe mkaka kapena kupha ng'ombeyo.

Kupopera koyenera

Madibi ambiri a m'midzi sagwiranso ntchito monga kale, choncho alimi ambiri amadalira mpope wa kumsana. Vuto lalikulu lili pa kasungunulidwe ndi kuchuluka kwa madzi. Amitraz wa 12.5% amafuna mamililita 2 pa lita imodzi ya madzi, kutanthauza mamililita 32 mu mpope wa malita 16. Yezani ndi sirinji, osati chivindikiro cha botolo. Mankhwala ena ali ndi muyeso wawo, tsatirani zolembedwa. Gwiritsani madzi oyera, chifukwa matope a mu Shire amatseka nozo ndi kufooketsa mankhwala. Osungunula lero athe lero lomwe.

Ng'ombe yaikulu imafuna malita 4 mpaka 5 kuti inyowe mpaka pakhungu. Ndiye kuti mpope umodzi ndi wa ng'ombe zitatu kapena zinayi basi. Amene amapopera ng'ombe khumi ndi mpope umodzi amangonyowetsa ubweya wa pamsana, pomwe nkhupakupa zili kumimba. Zopulumukazo zimaswana, ndipo m'kupita kwa nthawi mumakhala ndi mtundu wosamva mankhwala.

Mangani kampanda kopanikizira ng'ombe ka mitengo yolimba kuti izileka kuzungulira. Yambani ku miyendo ya kumbuyo, pakati pa ziboda, mukwere ku bere kapena machende, mutukule mchira n'kupopera pansi pake mpaka ku nsonga. Pitani kumimba, m'khwapa, m'mbali, pamsana ndi pakhosi, nozo ikulasa mosemphana ndi momwe ubweya wagonera. Malizani ndi mutu ndi m'kati mwa makutu. Mwetsani ng'ombe madzi musanayambe kuti zisanyambite mankhwala chifukwa cha ludzu. Poperani m'mamawa, kopanda mvula yoti igwa posachedwa. Valani zoteteza manja, mphuno ndi mapazi, ndipo imani kumene mphepo ikuchokera. Zotsukira mpope zisapite ku mtsinje kapena pafupi ndi mjigo, chifukwa ena mwa mankhwalawa amapha nsomba.

Zinthu ziwiri tikuletsa mwamphamvu. Mankhwala a thonje si a ng'ombe, ngakhale dzina litafanana, chifukwa mphamvu ndi zosakaniza zake zimaotcha khungu ndipo zimatha kupha. Chachiwiri, amitraz asakhudze bulu, amamudwalitsa koopsa.

Kangati? M'dzinja, kuyambira Disembala mpaka Epulo, nkhupakupa zikuluzikulu zimachuluka. Ng'ombe za mkaka ndi zosakaniza mitundu zipoperedwe sabata iliyonse. Zachikuda zingathe kupoperedwa pakatha masabata awiri, kupatula ngati m'deralo mwabuka chigodola. M'chilimwe kamodzi pamwezi kamakwana, kapena kungopaka pamalo pomwe zaunjikana. Ife sitilimbikitsa kuti ng'ombe yachikuda ikhale yopanda ndi nkhupakupa imodzi yomwe chaka chonse, chifukwa zochepazo ndi zomwe zimasunga chitetezo chake. Choopsa ndi kupopera mwakathithi kwa nthawi yaitali kenako n'kusiya mwadzidzidzi ndalama zikatha. Sankhani ndondomeko yomwe thumba lanu lingakwanitse, ndipo gwirizanani ndi anzanu odyetsa busa limodzi kuti muzipopera tsiku limodzi.

Mukapopera moyenera koma patatha masiku atatu nkhupakupa zili zamoyo ndipo zikukhuta, musaonjezere muyeso. Uzani mlangizi akusankhireni mankhwala a gulu lina, chifukwa kusintha dzina la pa botolo pomwe mankhwala a mkati ndi omwewo sikusintha kanthu.

Ng'ombe yogula kwina ibwere ndi chilolezo cha ofesi ya za ziweto. Ipopereni tsiku lomwe yafika, ikhale payokha masabata atatu kapena anayi, ndipo muziiyeza kutentha m'mawa uliwonse, chifukwa ambiri mwa matendawa amaonekera pakatha sabata imodzi mpaka itatu chilumidwire. Matenda a ndulu amatha kuchedwerapo, choncho pitirizani kuiyang'anitsitsa mwezi wachiwiri ngakhale mutaiphatikiza ndi zinzake.