SUV yanu yakana kulira? Mvetserani kaye musanagule batire

Galimoto ikakana kulira, musathamangire kutsegula boneti. Zimitsani wailesi, tsitsani galasi, potozani kiyi kenako mutchere khutu. Ikhoza kungoti zii, ikhoza kugogoda kuti "ta" kamodzi kapena "ta-ta-ta" mofulumira, apo ayi injini izungulira bwinobwino koma osagwira. Zimene mwamvazo ndiye zikuuzeni poyambira.

Ngati yangoti zii koma magetsi a pa dashibodi akuwala, onani giya. Ya otomatiki imalira ikakhala pa P kapena N basi, ndipo kaswitchi kamene kamazindikira zimenezi kamatha ndi ukalamba. Pondani buleki, ikani pa N, yesaninso. Ya manyuwo, pondani kilatchi mpaka pansi penipeni. Kachizindikiro ka kiyi kakamaphethira, ndiye kuti immobiliser, kachipangizo koletsa galimoto kulira ndi kiyi yachilendo, sikuizindikira kiyi yanu. Yesani kiyi ya sipeya. Pa galimoto zoliza ndi batani, gunditsani rimoti pa batanipo mukamadina, chifukwa zambiri zimalira choncho ngakhale kabatire ka m'rimoti katatha.

Tsopano batire. Dziwani kaye pomwe ili, poti si SUV zonse zimaisunga kutsogolo: ya VW Touareg ili pansi pa mpando, ya BMW X5 ili kumbuyo ku buti. Tengani multimeter, mita yoyezera magetsi, muyeze batireyo injini ili chizimire. Batire yodzaza imaonetsa 12.6V, ikafika 12.2V yatsala theka, ikatsika pa 12V ndiye yafooka kwambiri. Wina apotoze kiyi inu mukuyang'ana mita. Ikagwa kufika pansi pa 9.6V, batireyo yatha mphamvu kapena yaonongeka. Gwedezaninso mitu ya batire ndi dzanja. Ikasuntha, imangeni, ndipo ufa woyera kapena wobiriwira uja muutsuke ndi soda wophikira wosungunula m'madzi.

Pojampa, nthambo yofiira iyambire pa + ya batire yofookayo kupita pa + ya batire yabwino. Yakuda ichokere pa − ya batire yabwino kukagwira chitsulo cha injini ya galimoto yokanayo, patali ndi batire, chifukwa batire imatulutsa mpweya woti ukakumana ndi kamoto umaphulika. Ya otomatiki musaikankhe, siilira.

Apa ndiye ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa ndi pomwe galimoto yanga inandizunza. Batire ikuonetsa 12.6V, magetsi akuwala, hutala ikulira, koma ukapotoza kiyi kumangomveka "ta" kamodzi. Aliyense amene anaiona anati ndi sitata. Wogulitsa wina anandipatsa sitata yomwe ankati ndi yokonzedwanso, koma makaniko ataitsegula anapeza mabulashi akutha, chatsopano chinali penti yakunja yokha. Ngakhale titapeza sitata yabwino, "ta" uja sanachoke. Vuto linali nthambo ya earth, ija imalumikiza injini ku chitsulo cha galimoto.

Anthu amaiiwala nthamboyi chifukwa imakhala pansi, malo omwe matope ndi madzi zimafikira, ndipo SUV ndi galimoto yomwe timailowetsa m'matope mosaopa. Yanga kunja inkaoneka bwinobwino. Titasenda chikopa chake pafupi ndi bawuti, mawaya a mkati anali atabiriwira, ena akungoyoyoka m'manja, otsala olumikizana anali owerengeka. Magetsi ndi wailesi zimafuna moto wochepa, choncho zinkagwirabe ntchito. Sitata imakoka ma amp mazanamazana nthawi imodzi, makamaka pa injini yaikulu ya dizilo. Zili ngati kufuna kudzaza mgolo kudzera m'kapaipi kotsekeka.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Tengani nthambo yakuda yojampira, mbali imodzi pa − ya batire yanu yomwe, mbali inayo pa chitsulo choyera cha injini, chopanda penti kapena oyilo. Potozani kiyi. Ikalira, mwalipeza vuto. Ngati muli ndi mita, ikani kansonga kamodzi pa mutu weniweni wa − osati pa chomangira chake, kena pa injini, wina apotoze kiyi. Nambala yabwino imakhala cha m'ma 0.2V. Ikapitirira 0.5V, moto ukutayikira m'njira. Chitaninso chimodzimodzi ku mbali ya +, kuchokera pa batire kufika pa bawuti yaikulu ya sitata, koma samalani zala ndi malamba a injini.

Pokonza, yambani mwachotsa − ya batire, ndipo idzakhale yomaliza kubwezera. Masulani nthamboyo, palani ndi sandipepa mbali zonse mpaka chitsulo chiwale, mangani zolimba, kenako pakani girizi pamwamba kuti madzi asalowe. Ngati dzimbiri lalowa mkati mwa chikopa, musalimbane nayo, gulani ina. Pogulapo muchenjere. Pali nthambo zotchipa zooneka zonenepa, koma kunenepako ndi pulasitiki, ndipo mawaya ake ndi aluminiyamu wongokutidwa ndi kopa. Inyamuleni, ya kopa weniweni imalemera. Palani kawaya kamodzi ndi mpeni, mkati mukayera ibwezeni. Kusiyana kwa mtengo wake n'kochepa poyerekeza ndi sitata yomwe mungagule popanda chifukwa. Nthambo zojampira zotchipa nazo zili ndi matenda omwewa, zimangotentha galimoto osalira.

Zonsezi zikakhala bwino koma "ta" akadalipo, pamenepo ndiye mukayikire sitata. Kuimenya pang'ono ndi sipanala wina akupotoza kiyi kumatha kuidzutsa, koma ndi njira yongokufikitsani kwa makaniko. Onaninso fyuzi ndi relay yake, kaswitchi ka magetsi kokhala m'bokosi la mafyuzi. Relay mutha kuisinthanitsa ndi ina yofanana nayo m'bokosi lomwelo.

Injini ikamazungulira koma osagwira, ganizirani za mafuta. Musaizungulitse kupitirira masekondi 10 mpaka 15 nthawi imodzi, sitata imapsa. Pa ya petulo, kiyi ikafika pa ON muyenera kumva pampu ikung'ung'uza ku thanki kwa masekondi angapo. Ikakhala chete, yambani ndi fyuzi. Pa ya dizilo, dikirani kachizindikiro ka ma glow plug, mapulagi otenthetsa m'masilinda, kazime musanalize. Ngati mafuta anatheratu kapena mwangosintha fyuluta, mwalowa mpweya, ndiye popani kapampu ka pamwamba pa fyuluta, ngati kalipo, mpaka kalimbe. Mapaipi a ma injector, tizipangizo topopera dizilo m'masilinda, pa injini zamakono za dizilo zotchedwa common rail musawamasule injini ikuzungulira, mphamvu yake imapitirira 1,000 bar ndipo dizilo amaboola khungu.

Kupitirira apa mufunika kamakina ka OBD-II kowerengera ma code, manambala oonetsa vuto la galimoto. P0335 ikuloza sensa ya crankshaft (chitsulo chachikulu chozungulira m'kati mwa injini), yomwe ikafa injini imangozungulira osagwira. Galimoto ikalira, yezaninso pa batire: pakati pa 13.8V ndi 14.4V ndiye kuti alternator ikutchaja.

Koma ngati galimoto yazima muli pakati powoloka madzi akuya, musapotozenso kiyi n'komwe. Tsegulani bokosi la fyuluta ya mpweya. Mukapeza yanyowa, madzi akhoza kukhala atafika m'masilinda, ndipo kuizungulitsa kungapinde ma conrod, zitsulo zolumikiza mapisitoni ku crankshaft. Imeneyo ikokedwe basi.