Kuchotsa chimimba osasiya nsima: kadyedwe kothandiza kuti minofu ya pamimba ioneke

Minofu ya pamimba aliyense ali nayo, ngakhale amene lamba anasiya kumukwana. Imene anyamata a ku jimu amaitcha six pack ndi mnofu wautali wochokera pansi pa chifuwa kukafika pachinena, ndipo chimene chimaubisa ndi mafuta basi. Mafutawo ali pawiri. Ena ali pansi pa khungu, amene mungawatsine ndi zala. Ena ali mkati, ozinga matumbo ndi chiwindi, ndipo ndi amene amatulutsa mimba yolimba, yosatsinika. Amkatiwa ndiwo oopsa, chifukwa amayendera limodzi ndi matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi ndiponso mafuta a m'chiwindi. Mwamwayi, ndi amenenso amafulumira kuchepa munthu akasintha kadyedwe.

Thupi silichotsa mafuta pamalo pamene mwaliloza. Mukhoza kuchita ma sit-up 200 tsiku lililonse, mnofu ulimbadi, koma mafuta okuta pamwamba pake sasuntha. Amachoka m'thupi lonse pang'onopang'ono ngati zimene mukudya zikuchepera pa mphamvu imene thupi likugwiritsa ntchito. Mphamvuyi imawerengedwa m'makalori. Kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi ili ndi makalori pafupifupi 7,700, choncho mukamachepetsa makalori 500 patsiku mumataya pafupifupi theka la kilogalamu pa sabata. Liwiro loyenera ndi limenelo. Ntchito yonse ndi yopeza makalori 300 mpaka 500 oti muchotse m'zakudya zanu za masiku onse popanda kugona ndi njala.

Yambani ndi kuyeza chiuno

Musanasinthe kalikonse, pezani tepi yoyezera ya atelala. Yezani m'mawa musanadye, mutaimirira, tepi idutse pamchombo, mutatulutsa mpweya koma osakoka mimba. Kwa abambo, chiopsezo cha matenda chimayamba kukwera chiuno chikapyola masentimita 94, ndipo chimakula kwambiri pa 102. Kwa amayi ndi 80 ndi 88. Ngati tepi palibe, dulani chingwe chofanana ndi msinkhu wanu, muchipinde pawiri, muchizunguze pamchombo. Nsonga zake zikalephera kukumana, ndiye kuti chiuno chapyola theka la msinkhu, ndipo mafuta achuluka. Lembani nambalayo, muzibwereza kamodzi pa sabata, tsiku lomwelo, nthawi yomweyo.

Mafuta, shuga ndi mowa

Anthu ambiri akafuna kuchepetsa thupi amathamangira kuda nsima. Koma makalori osavuta kuchotsa ali m'botolo la mafuta ophikira. Galamu imodzi ya mafuta ili ndi makalori 9, pomwe ya ufa kapena ya shuga ili ndi pafupifupi 4. Supuni yaikulu imodzi ya mafuta ili ndi makalori 120, ndipo lita imodzi ili ndi opitirira 8,000. Banja la anthu asanu likamamaliza lita pa sabata, aliyense akumwa makalori opitirira 200 patsiku m'mafuta okha, osawaona n'komwe, chifukwa alowerera mu tomato ndi anyezi.

Chochita n'chapafupi: lekani kuthira mafuta mumphika kuchokera m'botolo. Thirani ndi supuni, ndipo muziwerenga. Supuni imodzi kapena ziwiri zikwanira mphika wa ndiwo zamasamba wa banja lonse. Ndiwo zikayamba kumata pansi, onjezani madzi pang'ono kapena tomato, osati mafuta. Nsomba muziotcha pamakala kapena kuiphika ndi tomato m'malo moimiza m'mafuta. Mazira muziwiritsa. Tchipisi cha pachiwaya, mandasi ndi zitumbuwa zimamwa mafuta ambiri pokazinga. Mandasi awiri akuluakulu amatha kuposa mtanda wa nsima pa makalori, koma ikamakwana 10 koloko njala yabwerera kale. Mbatata yowiritsa kapena chimanga chootcha chimagwira m'mimba nthawi yaitali kuposa pamenepo.

Pa ndiwo zotendera pamafunika kusamala. Nsinjiro ndi chakudya chabwino, koma pafupifupi theka la kulemera kwa mtedza ndi mafuta, ndipo magalamu 100 ali ndi makalori oposa 550. Ngati mwatendera, mafuta ophikira asalowenso. Mtedza wokazinga muzidya wodzaza dzanja limodzi, osati kukhala ndi mbale pamiyendo mukucheza. Peyala nalonso n'chimodzimodzi: theka likwanira.

Shuga wambiri sitidya, timamwa. Supuni yaing'ono yosasefukira ili ndi magalamu 4. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti shuga wothira asapyole magawo 10 pa 100 a makalori a tsiku, ndipo limati n'kwabwino kwambiri kutsika mpaka magalamu 25, omwe ndi masupuni aang'ono 6. Makapu awiri a tiyi a masupuni atatuatatu amaliza kale mlingo wonsewo. Botolo la Coca-Cola la mamililita 300 lili ndi shuga wokwana masupuni pafupifupi 8. Onjezanipo Sobo wa masana ndi thobwa lothira shuga, muona kuti makalori 300 alowa popanda kutafuna kanthu, ndipo zakumwa sizikhutitsa ngati chakudya. Pa tiyi, tsitsani theka la supuni sabata iliyonse. Lilime limazolowera. Mukadula zonse tsiku limodzi, tiyi amakoma ngati mankhwala ndipo ambiri amabwerera sabata isanathe. Zipatso idyani zathunthu, osati kuzifinya madzi, ndipo nyengo ya mango muziwerenga: awiri kapena atatu, osati beseni.

Mowa uli ndi makalori 7 pa galamu iliyonse ya ukali wake, ndipo botolo la mamililita 330 limakhala ndi makalori pafupifupi 140. Mabotolo asanu Lachisanu ndi makalori 700. Vuto silithera pamenepo. Chiwindi chikamalimbana ndi mowa chimayamba chaimika kuotcha mafuta, mowa umatsegula chilakolako cha kanyenya ndi tchipisi, ndipo tulo take sitikhala tabwino. Munthu akhoza kusamala kuyambira Lolemba mpaka Lachinayi, n'kubweza zonse Lachisanu ndi Loweruka, kenaka n'kumadabwa kuti lamba sakusuntha. Chibuku ndi masese nawonso ali ndi makalori a mowa kuphatikiza a chimanga. Amene akufunadi minofu ya pamimba ioneke, mowa auike pambali kwa miyezi ingapo.

Nsima musaisiye, muiyeze

Magalamu 100 a ufa ali ndi makalori pafupifupi 360, kaya ndi woyera kaya ndi mgaiwa. Kusiyana kwake n'kwakuti mgaiwa uli ndi gaga, choncho umagayika mochedwerapo, umasunga mimba nthawi yaitali ndipo umathandiza kuchimbudzi. Sankhani mgaiwa, koma musaganize kuti poti ndi mgaiwa ndiye mutha kudya mitanda inayi.

Mlingo woyambira ndi uwu. Ngati mumadya mitanda itatu, tsikirani pa iwiri. Ngati mumadya iwiri ndipo ntchito yanu ndi yokhala pampando, tsikirani pa umodzi ndi theka, kenaka umodzi. Mtanda ukhale waukulu ngati nkhonya yanu, chifukwa zipande zimasiyana ndipo mtanda wa m'malo ena odyera umatha kukhala iwiri ya kunyumba. Amene amalima, kunyamula katundu kapena kupalasa kabaza tsiku lonse asatsike kwambiri, thupi lawo likuotchadi zimenezo. Mpunga, kondowole, chinangwa, mbatata ndi buledi zili m'gulu limodzi ndi nsima. Pa chakudya chimodzi sankhani chimodzi. Mpunga ndi tchipisi m'mbale imodzi, monga zimakhalira pa ukwati, ndi chakudya cha kawiri.

Malo amene nsima yasiya adzazeni ndi masamba. Kwathu kuno tinazolowera nsima yambiri ndi ndiwo zongonyowetsera mbamu. Tembenuzani zimenezo: mbale ya ndiwo izidzaza kuposa ya nsima. Bonongwe, nkhwani, chisoso, mpiru, kholowa, chigwada, therere ndi kabichi zili ndi makalori ochepa kwambiri, moti mutha kudya mpaka kukhuta. WHO imalangiza magalamu 400 a masamba ndi zipatso patsiku. Yambani ndi ndiwo musanateme nsima, ndipo ngati pakhomo mumadyera mbale imodzi, patulani gawo lanu poyamba. Podyera pamodzi palibe amene amadziwa kuti wadya mbamu zingati.

Zakudya zomanga thupi

Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Amachepetsa chakudya chonse mofanana, thupi limatsika, koma limatsika ndi minofu yomwe. Mapeto ake munthu waonda manja ndi miyendo, kamimba kali pomwepo. Chimene chimateteza minofu pamene mafuta akuchoka ndi mapuloteni okwanira pamodzi ndi masewera olimbitsa thupi. Mapuloteni amachedwetsanso njala kuposa ufa kapena mafuta.

Mlingo wabwino kwa amene akulimbitsa thupi ndi magalamu 1.6 pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwake patsiku. Wolemera makilogalamu 70 akufunika magalamu pafupifupi 110. Ngati muli onenepa kwambiri, werengerani kulemera kumene mukufuna kufikako. Nambalayi imaoneka yaikulu, koma sikufuna nyama tsiku lililonse kapena ufa wa mapuloteni wa m'zitini wodula uja. Dzira limodzi lili ndi magalamu 6. Kapu ya nyemba zophika ili ndi pafupifupi 15, ndipo nandolo ndi khobwe sizitalikira pamenepo. Kapu ya mkaka kapena chambiko ili ndi 8. Soya pieces wouma, pafupifupi theka la kulemera kwake ndi mapuloteni, choncho magalamu 50 amakupatsani 25. Usipa ndi matemba ouma amaposa theka, ndipo poti timadya ndi minga yomwe, mafupa nawo amapindula. Nyama ya nkhuku yophika yopanda khungu, magalamu 100 ali ndi pafupifupi 30.

Tsiku likhoza kuyenda chonchi. M'mawa mazira awiri owiritsa, mbatata imodzi ndi tiyi wamkaka. Masana mtanda wa mgaiwa, kapu ya nyemba, usipa wodzaza dzanja ndi masamba ambiri. Chakumadzulo njala ikagogoda, nthochi ndi mtedza wa m'dzanja limodzi. Usiku mtanda umodzi, soya pieces kapena nsomba, ndi masamba kachiwiri. Pamenepo mwayandikira magalamu 100, poti ufa nawo uli ndi mapuloteni pang'ono. Chofunika n'chakuti chakudya chilichonse chikhale ndi chomanga thupi, makamaka cha m'mawa. Tiyi ndi buledi wopaka majarini ndi amene amakutumizani kwa wogulitsa mandasi dzuwa lisanafike pamutu.

Zikapanda kuyenda

Sikelo imatha kusintha ndi kilogalamu imodzi kapena ziwiri pa tsiku limodzi chifukwa cha madzi, mchere, chimbudzi kapena msambo. Zimenezo si mafuta. Weruzani ndi tepi pakatha masabata atatu. Ngati chiuno sichinasunthe, musadule zonse nthawi imodzi. Lembani chilichonse cholowa m'kamwa kwa masiku atatu, limodzi mwa masikuwo likhale Loweruka, ndipo chobisalacho chioneka. Kawirikawiri chimakhala chakumwa, mafuta kapena zolawa pophika. Chotsani chimodzi, mudikirenso masabata awiri.

Kudzimana chakudya tsiku lonse kuti mudye usiku wokha kumathera m'mitanda inayi. Kutsika mopyola kilogalamu imodzi pa sabata kwa nthawi yaitali kumadya minofu. Kugona maola osakwana 7 kumakulitsa njala ya zotsekemera mawa lake. Matiyi amene amagulitsidwa pa Facebook ndi WhatsApp kuti amaphwetsa mimba, ambiri amangotsegula m'mimba kapena kukodzetsa. Chimene chatuluka ndi madzi, ndipo amabwerera mukangomwa. Madzi otentha a mandimu sasungunula mafuta, ndipo lamba womanga pamimba amangofinya mimbayo kwa maola amene mwamuvala.

Kuti minofu ioneke, iyenera kukhalapo yokhuthala. Kawiri kapena katatu pa sabata chitani masewera ogwira thupi lonse, monga ma push-up, kunjuta ndi kunyamuka, kudzikoka pamtengo ndi kunyamula zolemera, kenaka muonjezere a pamimba kumapeto. Kuyenda ndawala kufike mphindi 150 pa sabata kapena kuposa. Mwa abambo ambiri mizere ya pamimba imayamba kuoneka mafuta akatsika kufika cha m'ma 10 mpaka 14 pa 100 a kulemera kwa thupi, ndipo mwa amayi cha m'ma 16 mpaka 20. Kwa amene akuyamba ndi chimimba, iyi ndi ntchito ya miyezi yambiri, ndipo mafuta a pansi pa mchombo ndi amene amatsalira. Amayi asakakamire kutsika kwambiri: msambo ukayamba kudumpha kapena kusiya, thupi likunena kuti chakudya chachepa, ndipo muyenera kuonjezera.

Si mimba iliyonse yotuluka imene ili ya mafuta. Mwa amayi amene abereka, minofu iwiri ya pamimba imatha kutalikirana pakati, ndipo ma sit-up akhoza kukulitsa vutolo, choncho apimidwe kaye. Mimba imene yakula msanga pa masabata ochepa, yopweteka, yobwera ndi kutupa miyendo, maso achikasu kapena msambo wochuluka, ikhoza kukhala ya madzi a matenda a chiwindi kapena chotupa cha m'chiberekero, ndipo imeneyo ndi ya kuchipatala. Ena amanenepa atayamba ma ARV okhala ndi dolutegravir kapena jakisoni wolera wa Depo. Mankhwalawo musasiye pa nokha, kambiranani ndi adokotala pamene mukukonza kadyedwe. Amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, achinyamata osakwana zaka 18 ndi amene akumwa mankhwala a TB asachepetse chakudya. Odwala shuga amene amabaya insulin kapena kumwa glibenclamide aonane ndi adokotala asanachepetse nsima, chifukwa shuga akhoza kutsika mwadzidzidzi mpaka kukomoka ngati mlingo wa mankhwala sunasinthidwe.