Kulima ndiwo zamasamba m'matumba oimika: malangizo kwa okhala m'malokeshoni a mu Harare

Ambiri mwa ife olankhula Chichewa amene tikukhala ku Mbare, Mufakose, Mabvuku, Tafara, Dzivarasekwa ndi Epworth tinachokera m'mabanja odziwa dimba, koma lero tili pa mapoloti opanikizana, ndipo ena ndi maloja, ochita lendi chipinda chimodzi, omwe alibe ngakhale mzere umodzi woti n'kugaulapo. Ena amathawira m'madambo ndi m'mbali mwa mitsinje ya Mukuvisi ndi Marimba, komwe lamulo limaletsa kulima malo osakwana mamita 30 kuchokera m'mphepete mwa mtsinje, komanso komwe madzi ake nthawi zambiri amakhala atasakanikirana ndi zonyansa za m'mapaipi ophulika. N'chifukwa chake ndikufuna tikambirane za ulimi wokweza mbewu m'mwamba, woti khonde kapena kuseri kwa nyumba kuzitulutsa ndiwo za banja chaka chonse.

Kumayiko olemera ulimi umenewu umachitikira m'nyumba zikuluzikulu zotsekedwa, mbewu zitasanjikizana m'mashelefu, zikuwalitsidwa ndi magetsi ndi kumwetsedwa ndi mapampu usana ndi usiku. Njira imeneyo imadya ndalama zambiri, moti kampani ya AeroFarms ya ku Newark m'dziko la America, yomwe inali yotchuka kwambiri pa ulimiwu, inakapempha chitetezo kukhoti mu 2023 italephera kubweza ngongole. Kuno kwathu, komwe magetsi amatha kuzima maola ambiri pa tsiku, sindingalangize munthu wongoyamba kumene kugula mapaipi ndi pampu, pakuti pampu ikaima masana a mwezi wa Okutobala mizu imauma tsiku lomwelo. Dzuwa tili nalo laulere, ndipo chimene tiyenera kutengera ndi luso la anzathu a ku Kibera mu mzinda wa Nairobi, omwe akhala akulima ndiwo m'matumba kwa zaka zambiri pa malo opanikizana kuposa athu.

Pezani thumba lolimba la makilogalamu 50, lomwe munali chimanga kapena chakudya cha nkhuku, ndipo ngati munali feteleza mulitsuke bwino. Sakanizani magawo awiri a dothi lapamwamba ndi gawo limodzi la manyowa owolerana. Ngati dothi la kwanu ndi katondo wofiira kapena makande a kudambo, onjezerani mchenga wa kumtsinje pang'ono kuti lisaumbike ngati njerwa. Koma ngati ndi lamchenga monga la ku Epworth ndi Mabvuku, chulutsani manyowa kuti lizisunga chinyezi. Manyowa a nkhuku zanyama, zomwe ambiri timaweta kuseri kwa nyumba, ndi amphamvu kwambiri, ndipo akakhala aawisi amawotcha mbande. Aunjikeni pamthunzi, muziwanyowetsa ndi kuwatembenuza kufikira atasiya kutentha ndi kununkha, n'kuyamba kufumbutuka m'manja.

Chinsinsi cha thumba chili pakati pake. Tengani chitini chachikulu, chotsani chivindikiro ndi pansi pake kuti chikhale chobooka mbali zonse ziwiri, ndipo muchiimike pakati pa thumba mutapinda milomo ya thumbalo m'munsi. M'chitinimo thirani timiyala tating'ono ngati ta konkire, ndipo m'mbali mwake thirani dothi lija n'kulitsendera pang'ono ndi manja. Kenako kokerani chitini m'mwamba mosamala, timiyala titsale pamalo pake, mudzazenso timiyala ndi dothi, mukutambasula thumba pang'onopang'ono mpaka kufika pamwamba. Mukatero mumakhala ndi mzati wa timiyala woyambira pansi kufika kukamwa kwa thumba, ndipo madzi amene muthira pamenepo amatsika n'kulowerera m'dothi la mbali zonse. Amene amadumpha ntchito imeneyi pofuna kufulumira amadzaona mbande za pamwamba zikuvunda ndi madzi pomwe za m'munsi zikufota ndi ludzu. Thumbalo mulidzazire pomwe lidzakhale, malo oomba dzuwa maola osachepera 6 pa tsiku, chifukwa likanyowa silinyamulika. Ndipo ngati ndinu loja, yambani mwagwirizana ndi eni nyumba.

Thirirani thumba mpaka dothi litakhazikika, mudikire tsiku limodzi kapena awiri, kenako cheka­ni timabowo m'mbali mwake totalikirana masentimita 15 mpaka 20. Mabowo a mzere wapamwamba asalunjikane ndi a mzere wam'munsi, kuti masamba asaphimbane. Wokerani madzulo dzuwa litapepa, mukulowetsa mizu ndi chala n'kutsindira dothi kuti mbande isalendewere. M'mbali mumayenera ndiwo zokolola masamba monga repu, mpiru umene anzathu Achishona amati tsunga, sipinachi ndi covo, ndiwo zamasamba za banja la kabichi zokhala ndi tsinde lalitali. Covo ndimaikonda kwambiri pa ulimiwu chifukwa safuna kugula mbewu: mphukira zothyola pa tsinde la kwa mnansi zimagwira bwino, ndipo mumakolola miyezi yambiri. Pamwamba pa thumba mutha kubzalapo anyezi wamasamba, tsabola kapena tomato mmodzi womangirira ku mtengo. Kabichi, kaloti ndi maungu musavutike nazo m'mbali, pakuti zimafuna malo otambasuka.

Nkhani ya madzi ndiyo ikufunika kuisamala koposa, popeza m'malokeshoni ambiri madzi a m'mipopi, ochokera kumalo oyeretsera madzi a Morton Jaffray, satuluka masiku onse ndipo amayi amachezera pamzere wa pa mjigo. Ubwino wa thumba ndi woti madzi satayika m'dothi lopanda mbewu, choncho ochepa omwewo amakwanira. Musanathirire, lowetsani chala pa bowo la m'munsi. Mukapeza chinyezi, dikirani. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julaye mungathe kudumphitsa tsiku, koma mu Seputembala ndi Okutobala thirirani tsiku lililonse, ndipo muphimbire pamwamba ndi udzu wouma. Madzi otsukira mpunga, ndiwo ndi otsukuluzira zovala komaliza ndi abwino, bola muwathire pa timiyala, osati pa masamba. Madzi okhala ndi mankhwala oyeretsera zovala, mchere kapena mafuta ambiri amapha dothi. Madzi a m'ngalande ndi a m'mapaipi a zimbudzi musawayandikire n'komwe. Tonse tikukumbukira kolera ya mu 2008 ndi ya mu 2018 yomwe inavuta kwambiri ku Glen View ndi Budiriro, ndipo ndiwo zothiriridwa ndi madzi oterowo zimalowetsa matenda m'nyumba mwanu momwe.

Popeza mbewu zambiri zikudyera pa dothi lochepa, chakudya chimatha msanga, ndipo mudzazindikira masamba a m'munsi akayamba kuchita chikasu. Mangani manyowa m'kathumba, mukaviike mu ndowa ya malita 20 kwa masabata awiri, kenako muzisungunula madziwo mpaka aoneke ngati tiyi wopepuka ndi kuthira kamodzi pa sabata. Nsabwe za m'masamba zimabisala kunsi kwa tsamba, makamaka nyengo yotentha. Zitsukeni ndi madzi a sopo pang'ono, ndipo mbozi muzitola ndi manja m'mawa. Vuto likakula, funsani alangizi a zaulimi a boma a Agritex musanagule mankhwala, pakuti ndiwo zothyola tsiku ndi tsiku sizifunika kupoperedwa mwachisawawa.

Pokolola thyolani masamba akuluakulu a kunja, musiye a kumtima atatu kapena anayi kuti mbewu ipitirire kukula. Banja likhale ndi matumba angapo obzalidwa motalikitsa masabata awiri kapena atatu, kuti lina likamatha lina likhale likuyamba. Dzuwa limafumbutsa thumba pakapita nthawi, choncho likayamba kung'ambika khuthulani dothi, chotsani mizu yakale, tsukani timiyala, onjezerani manyowa atsopano, ndipo m'thumba latsopanolo mubzale mbewu ya mtundu wina, monga sipinachi kapena anyezi pomwe panali repu, kuti matenda a m'dothi asapitirire.