Momwe mungakonzere fayilo yanu isanapite kwa osindikiza

Chinthu chimene chikuwala mokongola pa kompyuta chikhoza kutuluka chozilala papepala, nambala ya foni itaduka theka, zilembo zitasintha zokha. Zikatero ambiri amaloza chala makina. Koma nthawi zambiri vuto limakhala litayambira m'fayilo, ndipo inki ikangogwa papepala palibenso kubweza. Makina amatulutsa zimene mwawapatsa, basi. Tsatirani njira izi mosathamanga.

1. Funsani kaye, kenako ikani kukula kwa tsamba

Musanatsegule pulogalamu yokonzera monga Illustrator, InDesign, CorelDRAW kapena Canva, lankhulani ndi amene adzasindikize. Afunseni mtundu wa fayilo imene amalandira, kuchuluka kwa bleed (utoto wopitirira mzere wodulira pepala) imene amafuna, komanso ngati mitundu ikhale mu CMYK (mitundu ya inki) kapena RGB (mitundu ya pa sikirini). Makina amasiyana, ndiye yankho lawo liposa malangizo ena onse, ngakhale anga omwe.

Mukatero ikani kukula kwenikweni kwa chinthucho. A5 ndi mamilimita 148 m'lifupi ndi 210 m'litali, A4 ndi 210 ndi 297, A3 ndi 297 ndi 420. Mukakonza pa A5 n'kudzapempha kuti atulutse pa A3, chilichonse chimakula kawiri ndipo zithunzi zimayamba kuoneka mbuu. Ngati ndi kabuku kopinda pakati n'kukhoma ndi timawaya, masamba ake azigawika ndi 4: akhale 8, 12, 16, osati 10.

2. Siyani malo a mpeni

Apa ndi pamene anthu ambiri amagwa, ndiye ndichedwapo. Osindikiza amatulutsa ntchito yanu papepala lokulirapo, kenako amaunjika mapepalawo n'kuwadula pamodzi ndi mpeni wa makina. Mpeniwo sugwa ndendende pamzere nthawi zonse. Umatha kuphonya ndi milimita imodzi. Ngati utoto wakumbuyo unathera pamzere wodulira penipeni, m'mphepete mumatsala kamzere koyera. Tengani khadi lotere m'manja, mulitembenuze pakuwala: mbali imodzi ili bwinobwino, inayo ili ndi kaulusi koyera kuchokera pamwamba mpaka pansi. Nkakang'ono, koma diso limathamangira pomwepo, ndipo makhadi onse a mulu umenewo amakhala chimodzimodzi.

Mankhwala ake ndi bleed. Utoto kapena chithunzi chakumbuyo chipitirire mzere wodulira ndi mamilimita 3 mbali zonse zinayi. Ndiye kuti A4 idzakhala 216 ndi 303. Mkati namonso siyani mpata: mawu, logo ndi manambala zitalikire mzerewo ndi mamilimita 3 mpaka 5. Kafelemu kowonda kozungulira m'mphepete ine ndimakaletsa, chifukwa mpeni ukangophonya pang'ono kamaoneka kopendekeka.

3. Yesani zithunzi ndi masamu, osati ndi maso okha

Chinthu choti munthu agwire m'manja chimafuna zithunzi za 300 dpi (timadontho 300 pa inchi iliyonse) pa kukula kumene zidzasindikizidwe. Kuwerengera kwake nkosavuta: gawani mapikiselo (timadontho timene timapanga chithunzi) ndi 300, mupeza mainchesi, ndipo inchi imodzi ndi masentimita 2.54. Chithunzi cha mapikiselo 1200 m'lifupi chimakwana mainchesi 4, pafupifupi masentimita 10. Chodzaza A4 yonse chimafuna mapikiselo 2480 ndi 3508. Kungosintha nambala ya dpi mu Photoshop kuchoka pa 72 kufika pa 300 sikubweretsa zimene kamera sinajambule.

Samalaninso ndi kumene chithunzi chadzera. WhatsApp ndi Facebook zimafinya zithunzi kuti ziyende msanga, choncho pemphani mwini wake akutumizireni choyambirira pa imelo, kapena pa WhatsApp pomwepo koma ngati Document. Chikwangwani chachikulu chimene anthu amachionera patali sichifuna zambiri, 100 mpaka 150 dpi imakwana. Logo ikhale ya vector (yopangidwa ndi mizere, osati mapikiselo), monga AI, EPS, SVG kapena PDF, chifukwa imeneyo mukhoza kuikulitsa mmene mungafunire osaphwanyika.

4. Mitundu

Sikirini imapanga mitundu ndi kuwala kofiira, kobiriwira ndi kwa buluu, ndiyo RGB. Papepala mitundu imachokera ku inki zinayi: cyan (C), magenta (M), yachikasu (Y) ndi yakuda (K), ndiyo CMYK. Inki singafike pamene kuwala kumafika, nchifukwa chake buluu wowala, wobiriwira wonyezimira ndi olenji wakupsa zimazilala. Sinthirani ku CMYK ntchito ikadali koyambirira kuti muone kusinthako ndi maso anu, mukonze mukadali ndi mpata. Ena osindikiza amakonda RGB kuti makina awo asinthe okha. Mukhala mutadziwa kale ngati munafunsa.

Zakuda zili pawiri. Zilembo zing'onozing'ono zikhale K 100 yokha, kutanthauza inki yakuda pa 100 peresenti, zina zitatuzo pa 0. Mukaziphatikiza inki zinayi, makina akangosemphana pang'ono zilembo zimakhala ndi mthunzi wamitundu ndipo zimavuta kuwerenga. Malo aakulu akuda ndiwo amafuna kusakaniza kuti ade bii, mwachitsanzo C 60, M 40, Y 40, K 100. Mukawonkhetsa manambala anayiwo asapitirire 300, kuopa kuchulukitsa inki pamalo amodzi.

5. Mangani mafonti

Fonti (kalembedwe ka zilembo) imene ili pa kompyuta yanu mwina kwa osindikiza kulibe, ndipo kompyuta yawo imangoikapo ina, mizere n'kusokonekera. Mu Illustrator sankhani mawu onse n'kudina Create Outlines, mu CorelDRAW ndi Convert to Curves. Sungani kaye kope lina losasintha, chifukwa mawu akasanduka zojambula simungawakonzenso. Onaninso zilembo monga ŵ, popeza mafonti ena alibe ndipo amangoika kabokosi.

6. Tulutsani PDF, ndipo muiwerenge ngati si yanu

Fayilo ya Word kapena PowerPoint musatumize momwemo, imasuntha zinthu ikatsegulidwa pa kompyuta ina. Tulutsani PDF, makamaka PDF/X-1a kapena PDF/X-4 (mitundu ya PDF yopangidwira kusindikiza), bleed ndi zizindikiro zodulira zili momwemo. Mu Canva sankhani PDF Print n'kuchonga Crop marks and bleed.

Tsopano tsekani pulogalamu imene mumakonzera, mutsegule PDF yokhayo. Ikulitseni kufika pa 400 peresenti, muyende nayo ngodya ndi ngodya. Werengani mawu onse mokweza. Nambala ya foni muiimbe ndithu kuchokera pa zimene zalembedwazo, QR code muiyese ndi foni, tsiku mulifananize ndi kalendala. Patsaninso munthu wina amene sanaionepo, chifukwa maso anu anazolowera ndipo amawerenga zimene mumafuna kulemba.

Pomaliza pemphani osindikiza akutulutsireni kope limodzi papepala lomwelo limene adzagwiritse ntchito. Pepala lonyezimira ndi losanyezimira zimaonetsa mtundu umodzi mosiyana. Tulukani nalo panja, mulione pakuwala kwa masana, muyang'ane m'mphepete monse ndi nkhope za anthu ngati zilipo. Likakukhutiritsani, sainani pakopelo ndi kuwauza apitirize.